Mbiri ya Msika ndi Sitolo pa Lilongwe

M'chaka cha 2025 eni ache a Shoprite, kampani yaikulu ya ku South Africa, analengeza kuti adzagulitsa masitolo ao asanu a m'Malawi ndi kuchoka m'dziko muno. Anthu ambiri a pa Lilongwe anagwira pakamwa pakumva mau amenewa. Pakuti pamene sitoloyo inafika, zaka zoposa 20 m'mbuyomo, panali ena ophunzira amene ananenetsa kuti masiku a msika atha, ndi kuti amai ogulitsa mpiru ndi matimati adzapachika madengu ao, popeza munthu aliyense adzafuna kukankha kangolo ka waya m'nyumba yowala ndi magetsi. Koma taonani, amene anamanga akatundu ndiye mwini sitolo, ndipo amai aja akali pamalo pao m'mbali mwa mtsinje, alikuwaza madzi pa masamba ao monga kale. Kwa iye amene adziwa mbiri ya mudzi uno, chinthuchi sichiri chachilendo konse. Tiyeni tsono, owerenga okondedwa, tibwerere m'mbuyo, tione umo msika ndi sitolo zinayambira, ndi chifukwa chache sitolo isintha maina ndi eni ache kawirikawiri, pamene msika ungokhala.

Makolo athu a dziko lino la Lilongwe sanadziwa kugula ndiwo. Malonda anali nao ndithu: osula anali kuyenga chitsulo m'ng'anjo, nasula makasu ndi nkhwangwa, zimene zinayenda kutali kukasinthana ndi mchere, nkhuku, mbuzi kapena nsalu, ndipo Ayao, Abisa ndi Aluya a kwa Jumbe ku Nkhotakota anali kupita m'midzi kufuna minyanga, ndi kufuna anthu omwe, chimene chiri chowawa kuchikumbuka. Koma chakudya cha tsiku ndi tsiku chinali kunja kwa malonda. Mkazi anathyola nkhwani m'munda mwache, bonongwe ndi chisoso kuseri kwa khola, nazula bowa m'thengo. Masamba ena anafutsa, nawasunga m'chikwatu kulinda chilimwe. Amene anasowa ndiwo anatuma mwana ndi kambale kwa mnansi wache, ndipo mlendo wapaulendo anadya nsima osafunsidwa kanthu. Pa nthawi ya njala pokha ndipo anthu anapita kukasuma kwa amene anali ndi nkhokwe zodzala, nalipira ndi ntchito ya manja ao kapena ndi chiweto. Munthu wogulitsa therere kwa mbale wache akadasekedwa pabwalo.

Chimene chinabala msika ndicho msonkho ndi boma. Azungu a ku Britain atatenga dziko m'chaka cha 1891, posachedwa anaika msonkho wa nyumba, mashilingi atatu pa chaka. Ndipo munthu amene kale sanasowa ndalama anayamba kuunguza chimene angagulitse. Boma la pa Lilongwe linamangidwa m'chaka cha 1902, m'dziko la mfumu Njewa, ndipo pofika 1904 linali likulu la chigawo chimene Azungu anachitcha Central Angoniland. Pa bomapo panakhala asilikali, amesenjala, alembi ndi ophika, anthu amene analibe munda pafupi, koma analandira ndalama pakutha pa mwezi. Tsono akazi a m'midzi yozungulira anaona kuti ufa, nyemba, mazira ndi mowa zikhoza kusanduka makobiri a msonkho. Pamenepo ndipo msika unaoneka, monga ioneka njira pamene mapazi apita kawirikawiri.

Kuyambira masiku oyamba aja mtsinje unagawa mudziwo pawiri. Tsidya la kumadzulo, kumene lero titi Area 3 ndi Area 4, kunali maofesi a boma ndi nyumba za Azungu. Tsidya la kum'mawa kunakhala Amwenye ndi masitolo ao, ndi anthu akuda ndi msika wao. Masitolo a makampani a Azungu anthu anawapatsa maina a chinenero chathu. Kampani ya African Lakes, imene inayamba ku Glasgow m'chaka cha 1878, anaitcha Mandala, chifukwa cha magalasi a maso a John Moir, mmodzi wa abale awiri amene anaiyendetsa. Ndipo kufikira lero mseu wina wa m'tauni yakale utchedwa Mandala Road. Inzache, ya London and Blantyre, anaitcha Kandodo. M'masitolo amenewa, ndi mwa Amwenye momwe, munali nsalu ya biriwita ndi merekani, mikanda, mabulangete, makasu a ku Ulaya, mchere, sopo ndi parafini. Nkhwani munalibe, ndi usipa womwe munalibe. Potero pakati pa sitolo ndi msika panalibe nkhondo. Mai anagulitsa nyemba zache pa msika m'mawa, nalowa kwa Mmwenye masana kukagula mchere ndi mpango. Ndalama imene msika unaipeza, sitolo ndiyo inaidya.

Mudziwo unakula ndi fodya. M'chaka cha 1920 Mzungu wina, dzina lache A. F. Barron, anatenga malo ku Mbabzi, kufupi ndi Lilongwe, nayamba kugawira anthu mbeu ya fodya wa chikopa kuti alime, iye nadzagula. Ulimiwo unafala ngati moto wa m'tchire, kotero kuti m'chaka cha 1926 boma linakhazika bungwe la Native Tobacco Board kuti liyang'anire alimi ndi misika ya fodya. Iyonso anaitcha misika, koma inali ya mtundu wina, pakuti kumeneko wogula ndiye anatchula mtengo, mlimi nangolandira. Ngakhale zinali chomwecho, ndalama za fodya zinalowa m'midzi ndi m'tauni, ndipo pamene pali ndalama wamalonda sasowa. Njanji inafika ku Salima m'chaka cha 1935. Nsomba zouma, usipa ndi utaka, zinakwera kuchokera kunyanja pa njinga ndi pa malole. Mbatata ya kachewere ndi nyemba zinatsika kuchokera ku mapiri a Dedza ndi Ntcheu. Pofika 1947, pamene Lilongwe anayesedwa tauni mwa lamulo, msika wache unali kudyetsa anthu ndi zokolola za maboma ambiri.

Komabe kanali katauni chabe. Pa kalembera wa 1966 anawerengamo anthu ngati 19,000. Chimene chinasintha zonse ndicho kusamuka kwa likulu. Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, Dr. H. Kamuzu Banda anatsimikiza mtima kuchotsa likulu ku Zomba ndi kuliika pakati pa dziko. A ku Britain anakana kupereka ndalama za ntchitoyo, koma boma la South Africa linamkongoza marandi 8 miliyoni. M'chaka cha 1968 kunakhazikidwa bungwe lomanga mzinda, la Capital City Development Corporation, ndipo m'chaka cha 1975 Lilongwe anakhala likulu. Akatswiri amene analemba mapu a mzinda watsopano anafuna mzinda wa mitengo ndi maluwa, wotakasuka, wa miseu yotambalala. Anaisiya tauni yakale pamalo pache, nakamanga maofesi a boma pa Capital Hill ndi nyumba za malonda pa City Centre, cha kumpoto, kuseri kwa nkhalango imene anaisunga dala m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Malo okhalamo anawagawa ndi manambala. Ku Area 10, 11, 12 ndi 43, kumene nyumba imodzi ikhala pa bwalo lokwanira mudzi wa banja lonse, kunakhala akulu a boma ndi akazembe a maiko ena. Anthu wamba anakhala ku Kawale, ku Mchesi ndi ku Biwi, ndi m'malo atsopano akutali monga Area 25.

Ine ndiyesa kuti amene analemba mapuwo anali anthu a galimoto, ndipo anaganizira munthu wa galimoto mnzao. M'maganizo mwao mkazi wa m'likulu adzakwera galimoto tsiku Loweruka, nadzagula chakudya cha sabata lonse, nachisunga m'firiji. Za mai wosenza dengu sanaziike pamtima kwambiri. Chotsatira chache tichiona ndi maso. City Centre ali ndi mabanki, maofesi ndi mahotela, ndi kamsika ka pa Area 13 kodyetsa alembi masana. Koma dzuwa likapendeka anthu athawako, ndipo usiku kungoti zii. Malonda anakana kusamuka. Anatsala ku tauni yakale, pa mseu wa Malangalanga, pa depoti ya mabasi, ndi pa msika waukulu kufupi ndi mzikiti, tsidya lomwe lija anayambira.

M'zaka zomwezo boma linaika dzanja lache m'malonda a sitolo. Kuyambira 1970 Amwenye analamulidwa kuchoka m'midzi, ndipo pofika 1978 analoledwa kuchita malonda m'mizinda inai yokha, ndiyo Blantyre, Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu. Kuti Amalawi otenga masitolo osiyidwawo apeze kopikula katundu, kunakhazikidwa Chipiku, amene dzina lache lomwe linena ntchito yache. Ndipo m'chaka cha 1973 kampani ya Press, imene inali m'manja mwa Kamuzu mwini, inayambitsa People's Trading Centre, imene tonse tinaidziwa ndi dzina lakuti PTC. Kwa ambiri a msinkhu wanga PTC ndi Kandodo ndiwo masitolo oyamba m'mene munthu analowa nadzitengera yekha katundu pa shelefu, popanda kauntala pakati pa iye ndi shuga. Ndiwo amene lero titi supamaketi. Mwana wa sukulu wochokera kumudzi analowamo ndi mantha, manja ali kumbuyo, kuopa kuti angamuyese mbala. Koma ngakhale apo mpikisano unali waung'ono. Ku PTC anthu anafunako buledi, shuga, majarini, mkaka ndi nyama ya m'firiji. Ndiwo zamasamba ndi nsomba anakagula ku msika monga mwa masiku onse.

Tsono anthu anachuluka koposa umo mapu anayembekezera. Kalembera wa 1977 anapeza anthu pafupi 99,000. Wa 2018 anapeza 989,318. Pa zaka 41 mzinda unakula kakhumi. Ntchito za m'maofesi ndi za m'mafakitale a ku Kanengo sizinakwanira khamu lotere, ndipo ku Chinsapo, ku Mtandire, ku Mgona ndi ku Kauma kunadzala nyumba zimene palibe katswiri anaziyeza. Amene asowa ntchito ya malipiro agwira malonda, pakuti malonda a ndiwo afuna mpamba wochepa: dengu, ndi ndalama ya matimati a tsiku limodzi. M'masiku a Kamuzu wogulitsa pa mseu anali kuthamangitsidwa. Koma kuyambira 1994, ulamuliro wa zipani zambiri utalowa, mavenda anadzaza makhonde a masitolo ndi m'mbali mwa miseu, kufikira munthu wapansi anasowa popondapo. M'mwezi wa April 2006 boma la Bingu wa Mutharika linawachotsa ndi mphamvu, pa ntchito imene anaitcha Operation Dongosolo, ndi kuwakankhira m'misika. Ambiri anatsikira kumtsinje, ku msika wa Tsoka ndi ku msika wa Lizulu, umene unatenga dzina la msika wotchuka wa ndiwo wa m'malire a Ntcheu ndi Mozambique. Misika iwiriyi inayang'anana, mtsinje uli pakati. Ndipo popeza kuzungulira pa mlatho wa boma kunali kutaya nthawi, anyamata ena anamanga milatho yao ya mitengo ndi matabwa, nalipiritsa aliyense woolokapo. Mvula ikakula madzi anaikokolola, iwo naimanganso.

Mpikisano weniweni unayamba m'zaka zoyamba za m'ma 2000. Ulamuliro wa tsankho utatha ku South Africa m'chaka cha 1994, makampani a kumeneko anatambasula miyendo cha kumpoto. Shoprite anatsegula ku Lusaka m'chaka cha 1995, ndipo patapita zaka zowerengeka anafika ku Malawi. Pa Lilongwe anakhala m'tauni yakale, tsidya la kumadzulo, ulendo waufupi wapansi kuchokera ku msika. Pambuyo pache anadza a Game. M'chaka cha 2014 kunatsegulidwa Gateway Mall cha ku Area 47. Ndipo a kuno omwe, Chipiku Plus ndi Sana, anamanga masitolo akulu a mtundu womwewo. Chachilendo chinali ichi, chakuti masitolowa analowa m'munda wa msika. Anaika pa mashelefu anyezi, kabichi, matimati, mbatata, zipatso, nkhuku ndi nsomba za m'firiji. Ndipo zina za izo zinadza pa malole kuchokera ku South Africa, ulendo wa masiku angapo kupyola m'maiko a eni, pamene anyezi wa ku Dedza anali kuola pa mseu.

Sitiyenera kuwanyoza masitolowo, monga achita ena amene akonda zakale chifukwa chakuti nzakale. M'menemo muli sikelo yoona. Mtengo ulembedwa poyera, ndipo uli umodzi kwa wobvala suti ndi kwa wobvala zigamba, chimene pa msika sichichitika masiku onse. Pakuti tidziwa tonse umo mtengo wa nkhuku ukwerera wogula akatsika m'galimoto. Nyama siitera ntchentche, pansi mposesa, madzi osamba m'manja alipo, ndipo mai amene aweruka mu ofesi dzuwa litapendeka apeza zonse pansi pa denga limodzi, osaopa matope kapena opisa m'thumba. Izi nzabwino, ndipo amene azifuna sanachimwa.

Nanga msika unalekeranji kufa? Yankho lalikulu liri pa muyeso. Sitolo igulitsa monga mwa muyeso wa fakitale. Msika ugulitsa monga mwa ndalama iri m'dzanja la wogula. Anthu ambiri a mzinda uno salandira pa mwezi. Apeza lero za lero, pa ganyu, pa kabaza, pa kuswa miyala kapena kuchapa zobvala za ena. Wotere sangathe kugula botolo lonse la mafuta ophikira. Koma pa msika amuyezera mafuta a ndiwo za usiku umodzi m'kapepala ka pulasitiki, ndi ufa wa nsima imodzi m'kajumbo kamene anyamata anakatcha walkman, ndi kamulu ka usipa, ndi matimati atatu, ndi timakala tophikira zomwezo. Ndipo abwerera kwao ndi chakudya chathunthu pa ndalama imene m'sitolo sikadagula kanthu kamodzi. Wogulitsa akamdziwa amuikira basela pamwamba, kapena amkongoza kufikira mawa. Ndipo maliro akagwa kwa wogulayo, wogulitsa aphimba malonda ache napita kukakhuza. Makina a pa khomo la sitolo sakongoza munthu.

Pano ife aphunzitsi tiyenera kunenapo mau amodzi owawa. Mwana wa Sitandade 6 akhoza kuwerengetsa kuti timiyeso tating'ono timeneti, tikatiphatikiza kufikira tidzaze lita, tipambana mtengo wa botolo la m'sitolo. Chomwecho wosauka alipira zambiri pa mafuta, shuga ndi sopo koposa wolemera, chifukwa cha kusauka kwache komweko. Amai achidziwa ichi bwino lomwe, ndipo safuna ife kuti tikawauze. Koma mphika wa lero sulinda malipiro a mawa.

Ndiponso pali zakudya zambiri zimene sitolo siziwerengera, chifukwa zibwera ndi nyengo yao ndipo zilibe muyeso umodzi. Mvula ikagwa msika udzala ndi bowa, ngumbi ndi masuku. Pa masika mufika mondokwa, maungu, nzimbe ndi mtedza wauwisi. M'chilimwe muli mfutso, malambe, bwemba ndi mbewa zowamba. Amene afuna chigwada, luni, denje kapena khwanya, ndi nsinjiro zotendera, adziwa kopita. Nkhuku yachikuda aigula yamoyo, aiyesa kulemera ndi dzanja, naiphetsa pomwepo; mlamba wowamba ndi matemba a ku Chilwa aunnunkhiza asanatulutse ndalama. Ndipo popeza nyumba zambiri za m'mzinda ziribe firiji, ndi zimene ziri nayo zibvutika ndi kuzima kwa magetsi, anthu agula ndiwo tsiku ndi tsiku. Tsono masamba othyoledwa mbandakucha m'madimba a m'mbali mwa Lilongwe, Lingadzi ndi Likuni, kapena ochokera ku Mitundu ndi ku Nanjiri, apambana amene agona pa shelefu.

Musayese kuti a m'mipanda ya ku Area 10 ndi Area 43 adya za m'sitolo zokha. M'nyumba imodzi yomweyo, bambo ndi mai apita pa galimoto Loweruka kukagula mpunga wa m'paketi, tchizi ndi sopo wochapira. Lolemba atuma wantchito ndi dengu pa minibasi kunka ku Lizulu, pakuti adziwa kumene matimati atsika mtengo. Ndipo kumene mapu anakana kuika msika, msika unadza wokha ndi miyendo. Pafupi ndi malo a olemera pakhala mudzi wa antchito ao, monga Kauma pambali pa Area 12, ndi Mtandire pambali pa Area 47. Ndipo m'mawa amai a m'midzi imeneyi ayenda geti ndi geti, dengu pamutu, kuitana masamba ndi nthochi, pamene amuna apalasa njinga za makala ndi nkhuku. Ngakhale pa khomo penipeni pa supamaketi, wotuluka ndi kangolo kache akomana ndi anyamata onyamula mapeyala, nthochi ndi zinanazi, ndipo kawirikawiri agula.

Mlimi naye ali ndi mau ache pa mlanduwu. Sitolo yaikulu ifuna matimati a msinkhu umodzi, opanda banga, ofika sabata ndi sabata chaka chonse. Ifuna makalata ndi buku la ku banki, ndipo malipiro ache amadza patapita masabata. Minda yaikulu ndi magulu a alimi ogwirizana akhoza kutero. Koma mlimi wa dimba limodzi, wothirira ndi keni, amene afuna ndalama ya feteleza ndi ya sukulu lero lomwe, sangathe kulinda. Iyeyu atengera katundu wache ku misika yopikulitsa, monga wa Wakawaka, kumwera kwa mzinda pa mseu wa ku Dedza, kumene malole afika usiku ndi mbandakucha atasenza mbatata, kabichi, anyezi ndi matimati. Kumeneko agula zonse, zazikulu ndi zazing'ono, ndipo ndalama ndi ya pamanja. Sindinena kuti kumeneko nkwabwino kokhakokha. Matimati akachuluka opikula apangana mtengo, mlimi nagulitsa molira, pakuti kubwerera nao kumudzi ndiko kukawataya. Koma ndi khomo limeneli limene chakudya chambiri cha mzinda chilowera, chisanamwazikire ku Kawale, ku Area 18, ku Nsungwi ndi m'madengu a amai oyenda m'mageti.

Tsono ngati si msika, chinagwetsa masitolo akulu aja nchiyani? Katundu wambiri wa pa mashelefu achokera kunja, ndipo agulidwa ndi madola ndi marandi. Dziko lathu lipeza ndalama zakunja makamaka pa fodya, ndipo sizikwana. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 m'mwezi wa May 2022, ndiponso ndi 44 pa 100 m'mwezi wa November 2023. Ndipo mwini sitolo wa kunja, ngakhale agulitse bwino, atsala ndi mulu wa makwacha umene abvutika kuusintha kuti aitanitse katundu wina kapena atumize phindu kwao. PTC inafooka kale ndi ngongole. A Press anaigulitsa m'chaka cha 2022, ndipo m'chaka chomwecho bwalo la milandu linalamula kuti ithetsedwe. Shoprite, amene anali atachoka kale ku Kenya, ku Nigeria ndi ku Uganda, anatsata njira yomweyo m'chaka cha 2025. Akulu anati mlendo ndi mame. Sikuti mai wa pa msika kugwa kwa kwacha sikumkhudza, pakuti feteleza, mbeu ndi mafuta a lole zigulidwa ndi madola omwewo. Koma iye alibe lendi yaikulu kapena antchito mazana. Zinthu zikakwera achotsa tomato mmodzi pa mulu, napitirira. Ndipo masitolo nao sadzatha. Nyumbazo zitsala, chikwangwani chokha ndicho chisintha, monga chinasintha kuyambira masiku a Mandala.

Chimene chichotsa ogula pa msika, monga ndionera ine, si kutsika kwa mitengo ya m'sitolo ai, koma umo misikayo isungidwira. Malo abwino a m'mbali mwa miseu yaikulu apita kwa omanga masitolo ndi mabwalo oimikapo magalimoto. Amai a ndiwo atsala ndi gombe la mtsinje, pamene madzi asefukira m'dzinja. Mabenchi nga matabwa ndi mapepala a pulasitiki, othithikana kotero kuti galimoto yozima moto isowa polowera. M'chaka cha 2016 moto unapsereza mbali yaikulu ya msika waukulu wa m'tauni yakale, ndipo ambiri anataya mpamba wao wonse usiku umodzi, popanda inshuwalansi yowabwezera. Zinyalala za kabichi ndi matimati oola ziunjikana kufikira zitsetserekera mumtsinje, umene anthu a kumunsi atungamo. Pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe anali mwa maboma osautsidwa koposa. Sukulu za mumzinda zinachedwa kutsegulidwa m'mwezi wa January 2023, ndipo kugulitsa zakudya zophikaphika m'misika ndi m'miseu kunaletsedwa. Pa nthawi yotere aliyense amene ali ndi kandalama athawira ku sitolo, ndipo mliri ukapita ena sabwereranso.

Palinso bvuto la amene atuluka mumsika madzulo nakayala malonda ao pa mseu, pamene anthu akwerera minibasi. Khonsolo ya mzinda iwapitikitsa, iwo nabwerera mawa lache. Ndipo amene atsala m'kati, osunga lamulo, aona ogula alikuthera panja. Wogulitsa pa mseuyo sachita dala. Atsata mapazi a anthu, monga anachita agogo ache pa boma la 1904. Akadakhala kuti misika imangidwa pamene anthu apita, ndi njira zotakasuka, sakadatulukamo.

Zimene amai a pa Lizulu ndi pa Wakawaka asowa si zinthu za ku Ulaya. Asowa mpopi wa madzi otsukira masamba, denga la malata, pansi pa simenti, chimbudzi chosamalika, nyali za usiku, ndi lole yochotsa zinyalala pa nthawi yache. Ndipo alimi asowa chipinda chozizira, kuti matimati osagulidwa lero alinde mawa. Zambiri za izi mwini supamaketi anaziika m'nyumba mwache tsiku loyamba, ndipo ndizo zimene wogula alipira akalowamo. Amaiwo ndalama ya chiphaso cha msika aipereka kwa khonsolo tsiku ndi tsiku, pa dzuwa ndi pa mvula, malonda atayenda kapena asanayende. Koma m'misika yambiri mpopi ndi denga akali kuzilinda.